Akatumbu a Kumunsi kwa Mandala

Chilobwe,
Blantyre.
18 Okutobala 2018

Okondedwa achimwene anga a Nasoro,

Asalamu aleikumu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino ku Durban konko, inu, alamu ndi ana. Kuno tilipo. Amayi miyendo ija yayambanso kutupa ndi kutenthaku, koma akuyenda ndithu, Lachisanu lapitali anakafika okha kumzikiti. Bulangete munatumiza lija analandira. Akuti ndi lokongola kwambiri moti sangalifunde, alipinda m'sutikesi kudikira alendo.

Mudabwa kuona kalata yapamanja pomwe timalankhulana pafoni. Ndapatsira Che Nizam, amene akunyamuka ndi thiraki yawo Loweruka, ndipo ndawapempha kuti akupatseni m'manja mwanu. Mukandifunsa pafoni kuti ntchito ikuyenda bwanji ndimangoti ikuyenda, chifukwa amayi amakhala ali pambali panga, khutu lili tcheru. Lero ndikufuna ndikuuzeni mmene ikuyendera. Inu ndi amene munandiphunzitsa kuchokera pamene bambo anatisiya, ndiye ngati pali munthu woyenera kumva zonse ndi inu.

Mukudziwa kuti nditamaliza ku koleji ndinalembedwa ntchito ndi a Priya, mwana wa a Ramesh a golosale yaikulu ija ya ku Limbe. Iwo anakana kukhala pa kauntala ya bambo awo, natsegula kaofesi kawo ku Nyambadwe, m'nyumba imene kale inali garaja. Tilimo anthu atatu: iwo, ine, ndi a Ignatius amene amayendetsa galimoto komanso kusamala zipangizo. Ntchito yathu ndi kuyeza madzi a m'mitsinje, kuwerenga zamoyo zimene zilimo, ndi kulangiza anthu mmene angachiritsire mtsinje wodwala. Chaka chomwe ndinayamba, bungwe lina lakunja linatipatsa ntchito yokonza chigawo cha Mudi, kumunsi kwa Mandala kulowera ku Manase.

Mudi mukumudziwa, sindikufotokozerani zambiri. Masiku ena madzi ake amadza akuda, ena ofiirira, ena a thovu ngati wina wachapiramo zovala za mzinda wonse. Koma pachigawo chathucho pali kasupe wotuluka pansi pa thanthwe, ndipo pamene amathirira mu mtsinje pali dziwe limene madzi ake ankapepukako. A Priya ataliona anati, "Halimatu, ngati pali malo pamene mtsinjewu ungayambire kupuma, ndi pano."

Vuto linali lakuti gombe lonselo linali madimba. Amayi ambiri a ku Manase ankalima mpiru, chayinizi ndi tomato mpaka kumapeto kwenikweni kwa madzi, ndipo mvula ikagwa dothi lonse linkakokolokera m'dziwemo. Kuti tidzale mitengo ndi nsungwi panafunika kuti iwo achoke. Anandituma ine kukalankhula nawo. Nditafika, amene ndinawapeza atanyamula kheni yothirira anali a Sellina.

Mukuwakumbukira anti Sellina, achimwene, amene tinayandikana nawo nyumba kuno ku Chilobwe, aja ankandiluka tsitsi Loweruka, ndipo pa Idi ankabwera kudzathandiza amayi kuphika ngakhale iwo ndi akatolika. Amuna awo atamwalira anasamukira ku Manase, ndipo dimba limenelo ndi limene linkadyetsa zidzukulu zawo. Anandikumbatira majombo ali m'matope, kenako anakhala pansi kundimvetsera. Ndinafotokoza zonse monga ndinaphunzirira: kuti gombe likakhala ndi mitengo madzi amayera, kuti tidzawalemba ganyu yodzala ndi kuthirira, kuti nsungwi zikakula azidzadula n'kugulitsa, kuti tidzaika ming'oma ya njuchi yomwe idzakhala yawo.

 "Hali," anatero, "mtsinje sudya mpiru. Odya ndi ana anga. Tikachoka pano, malowa akhala a ndani?"

"Sakhala a munthu, anti. Akhala a mtsinje. Lamulo limaletsa kulima kapena kumanga pafupi chonchi ndi madzi."

"Lamulolo ukulidziwa nkhope yake?"

Ndinaseka, ndinkayesa nthabwala. Iwo sanaseke. Koma madzulo ake anasonkhanitsa anzawo, ndipo ndinawamva akunena kuti, "Uyu ndi mwana wa malemu a Alidi, ndamulera ndi manja angawa. Sangatinamize." Amayi aja anakolola zimene zinali m'madimba, ndipo sanabzalenso.

Achimwene, chaka chotsatiracho ndi chimene ndinasangalala kuposa zaka zonse za moyo wanga, ndipo sindikufuna kuchinyoza chifukwa cha zimene zinadza pambuyo. Tinadzala mibawa, mikuyu ndi nsungwi, ndi udzu wa vetiva wogwira dothi. Tinatulutsa m'dziwe muja matayala, majumbo, mabotolo, ngakhale chitseko cha filiji. Amayi aja ankaimba pothirira, ndipo mtengo uliwonse unali ndi mwini wake amene ankaukalipira ukachedwa kukula. Ine ntchito yanga inali kulowa m'madzi ndi kaukonde, kutembenuza miyala, ndi kuona tizilombo tokhala pansi pake, chifukwa tizilomboto ndi timene timanena zoona za madzi. Poyamba ndinkapeza tinyongolotsi tofiira tokhatokha, timene timakhala ngakhale m'ngalande za zimbudzi. Patapita miyezi ndinayamba kuona ana a tombolombo. Kenako achule. Tsiku lina ndinatembenuza mwala, nkhanu n'kundiluma chala, ndipo ndinakuwa ndi chimwemwe mpaka amayi aja anathamanga kuyesa ndalumidwa ndi njoka.

Mvula itatha, a Ignatius anapeza pathanthwe ndowe zachilendo, zodzaza ndi tizigoba ta nkhanu. Palibe mwa ife analimba mtima kutchula chimene ankaganiza. Tinangomangirira pamtengo kamera ija imene imajambula yokha chinthu chikadutsa, n'kuisiya. Lolemba m'mawa tinatsegula zithunzi pa kompyuta ku ofesi. Agalu. Mphaka. Munthu wina akukodza. Agalunso. Kenako pathanthwe lija panaoneka katumbu, ubweya uli nyezinyezi ndi madzi, nkhanu ili kukamwa, ndipo kumbuyo kwake ana awiri.

A Priya anagwira pakamwa. Anadzuka, anatuluka panja, anabwereranso, nayang'ananso. "Pakati pa Blantyre," ankangobwereza, "pakati pa Blantyre penipeni." Ndinatenga kompyutayo kupita nayo kumtsinje kuti amayi aja aone. A Sellina anapukuta manja pachitenje asanaigwire. Anati katumbu anamuona komaliza ali mtsikana kwawo ku Phalombe, ndipo sankadziwa kuti angamuonenso asanafe. "Ndiye kuti alendo athu ndi amenewa?" anatero. "Tawakonzera bwino pogona."

Ndalama za bungwe lija zinali za zaka ziwiri, ndipo kuti atiwonjezere nthawi ankafuna umboni woti ntchito ikubala zipatso. Tinakambirana ngati n'koyenera kuonetsa chithunzicho kapena kuchisunga. A Priya ankakayika, ine ndinati tionetse, pamapeto tonse tinagwirizana. Ndi chithunzi chimene munachiona m'nyuzipepala chija, ine nditaima pambali ndi majombo, chimene munanditumizira uthenga kuti mwaonetsa madalaivala anzanu onse. Kunabwera alendo, kunamangidwa tenti, kunali zolankhula ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi. Amayi aja anavekedwa masikipa obiriwira n'kuimba. Palibe mwa ife anaona kuti kumbuyo kwa chithunzicho mlatho ukuoneka bwinobwino, moti aliyense wodziwa Blantyre akanatha kuloza malowo.

Anthu anayamba kubwera. Ena ankangofuna kuona, ankaponya miyala m'dziwe kuti nyamayo ituluke. Ena sankabwera kudzaona. Tinayamba kupeza makhwekhwe a waya m'tinjira ta m'udzu. Tinkachotsa m'mawa, mawa lake tinkapeza ena. Ndinamva kuti chikopa cha katumbu chimafunidwa ndi anthu a zitsamba, ndipo pali amene amalipira bwino. Tinapempha amayi aja kuti azilondera, ndipo ankalonderadi usana wonse, koma iwonso ali ndi nyumba zawo zoti akagone.

Katumbu wamkulu uja ndinamupeza ndine, m'mawa wa Lachitatu lina. Anamusendera pathanthwe lomwe lija ankadyerapo nkhanu, n'kusiya thupi pomwepo, ntchentche zili ng'waa. Akanakhala kuti anatenga nyama kukadya mwina ndikanamvetsa, njala ndimaidziwa. Anangotenga chikopa ndi mchira. Mwana wake mmodzi tinamupeza m'khwekhwe chakumunsi, atafa kale. Winayo sitinamuonenso. Kamera nayonso anadula lamba n'kupita nayo. A Ignatius anakumba dzenje pansi pa nsungwi, ndipo a Sellina anavula sikipa yobiriwira ija n'kukulungamo nyamazo. 

Ndinkaganiza kuti pamenepo ndiye pothera pa zoipa. Patangopita kanthawi bungwe lija linatidziwitsa kuti silipitiriza. Sichinali chifukwa cha akatumbu ayi, mwina sanamve n'komwe kuti anafa. Anati akuluakulu awo kwawoko asintha maganizo, tsopano akufuna kuthandiza zina, kumaiko ena. Anatiyamikira kwambiri. Ganyu ya amayi aja inathera pomwepo, nsungwi zisanafike podula, ming'oma ya njuchi tisanagule ndi umodzi womwe.

A Sellina anabwera kudzandifunsa ngati angayambenso kubzala mpiru pakati pa mitengo, pang'ono pokha, osafika kumadzi. Ndinawapempha kuti adikire. A Priya anali akulemba makalata kumabungwe ena, ndipo ndinkaopa kuti alendo akabwera n'kupeza madimba adzati ntchito inalephera. "Dikirani mpaka mvula, anti," ndinatero. Anadikira.

Mvula isanafike kunafika malata. Ndinapita Lolemba lina kukayeza madzi, ndinapeza mpanda wautali kuchokera pamlatho mpaka kupitirira kasupe, ndi mlonda pageti. Anandiuza kuti malowa ndi a bwana wina wa mathiraki, akufuna kumangapo shedi yosungiramo katundu ndi potsukira magalimoto. Ndinati n'zosatheka, pano ndi pagombe. Anaitana kapitawo, amene anandionetsa mapepala a zidindo zambirimbiri, onse ooneka olongosoka. A Priya anayenda m'maofesi mpaka nsapato kutha. Kwina ankati bwana ali ku msonkhano, kwina ankati fayilo ikufufuzidwa, kwina ankawafunsa kuti kodi iwo malowo ndi awo. Sanali athu, achimwene. Ndi zimene ndinanena ndekha tsiku loyamba lija, kuti sadzakhala a munthu.

Katapila inagwira ntchito m'mawa umodzi wokha. Mibawa ija inali itandipitirira msinkhu. Ndinaima kutsidya pamodzi ndi amayi aja tikuonerera, ndipo aliyense ankadziwa mtengo wake pamene ukugwa. Dothi lonse analikankhira m'dziwe kuti malo akule. Kasupe anamukwirira ndi miyala.

A Sellina sanakuwe, sanatukwane. Anandiyandikira n'kulankhula motsitsa, kuti ena asamve.

"Hali, ndalima pano zaka zambiri. Ukudziwa chifukwa chake palibe anabwerapo ndi malata? Ankadziwa kuti akapeza azimayi ndi makasu m'manja, tikuwa mpaka wailesi imva. Ankatiopa. Ndiye kunabwera iwe, ndi ulemu wako, ndi 'anti, anti' wakoyo. Unatichotsa bwinobwino popanda ndi mwala womwe kuponyedwa. Wawasesera pabwalo, mwana wanga, iwo angofika n'kukhala."

Ndinati, "Anti, sindinkadziwa."

"Ndikudziwa kuti sunkadziwa," anatero. "Ukanadziwa bwenzi ndikukutukwana, mtima n'kupepuka."

Pano a Sellina akukumba mchenga mu Mudi momwemo, kumunsi kwa Manase, n'kumagulitsa kwa omanga nyumba. Ndi ntchito yomwe ine ndinkawaphunzitsa kuti imapha mtsinje. Amakhala m'madzi akuda aja mpaka m'chiuno kuyambira m'mawa, ndipo miyendo yawo yatuluka zilonda zosapola. Mdzukulu wawo wamkulu, mtsikana amene anali folomu 2, wasiya sukulu, akuwathandiza kusenza. Amayi ena aja akandiona pamsika amatembenukira kumbali. Mmodzi amandipatsabe moni, ndipo moni wakeyo ndi amene amandilasa kwambiri.

Zimene zatsala ndi zimene zandichititsa kutenga cholembera. Mwezi wathawu a Priya anandiitana n'kutseka chitseko. Anali ataonda, ndipo ndinkadziwa kuti bambo awo akuwakakamiza kutseka ofesi n'kubwerera kugolosale. Kuchokera pamene bungwe lija linachoka sitinapeze ntchito ina iliyonse. Anati kwabwera ntchito imodzi. Bwana wa mathiraki uja sangayambe kumanga popanda lipoti la akatswiri lonena za chilengedwe cha pamalopo, ndipo anthu ake abwera kwa ife, poti ndife amene timaudziwa bwino mtsinjewo.

Ndinati, "A Priya, mukunena zoona?"

"Tikakana apita kwa ena, amene alemba lipotilo ali pa desiki, osaponda n'komwe kumtsinje. Ife tikalemba zoona zokhazokha. Sindikukupempha kunama, Halimatu, ngakhale liwu limodzi." Kenako anati, "A Ignatius ali ndi ana anayi. Ine ndayesa, sindikuona kwina."

Ndinapita, achimwene. Mlonda yemwe uja ananditsegulira geti mwaulemu. Ndinavala majombo, ndinalowa ndi kaukonde kanga pamene panali dziwe, madzi ofika m'kakolo. Ndinatembenuza mwala uliwonse umene ndinautha. Tinyongolotsi tofiira. Tinamangirira kamera yobwereka pamtengo wa mpanda, inajambula agalu ndi makoswe. Ndinafufuza ndi mtima wanga wonse, ndikupemphera kuti ndipeze nkhanu imodzi yokha, chule mmodzi, chilichonse choti ndilembe kuti pano pali moyo, musamange. Panalibe.

Ndinalemba kuti palibe. Ndinalembanso tsamba lathunthu lonena zimene zinalipo kale, mitengo, kasupe, akatumbu, ndi kuti gombe siliyenera kumangidwa. A Priya sanachotse ndi mzere umodzi. Tinasaina tonse awiri. Anthu a bwana uja analandira lipotilo n'kuthokoza, anati ndi lolembedwa bwino. Chimene ankafuna chinali mawu amodzi aja akuti palibe, ochokera kwa anthu odziwika kuti sanama. Zina zonsezo sindikudziwa ngati pali anaziwerenga. Sabata yatha ndadutsa pamlatho pa minibasi, ndaona akuthira simenti.

Palibe anandiopseza, palibe anandipatsa kanthu m'manja. Ndagwira ntchito yanga monga ndinaphunzirira, kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza, ndipo chimene chatulukapo ndi shedi ya mathiraki ndi zilonda za a Sellina. Ndikaganiza pamene ndikanachita mosiyana ndimapeza malo ambiri, koma ndikatsatira njira iliyonse m'maganizo mwanga imakathera pa malata omwewo, kungosiyana tsiku.

Tsono pempho langa ndi ili, ndipo musandikalipire musanamalize kuwerenga. Ofesi itsekedwa kumapeto kwa chaka, a Priya andiuza. Akuti andilembera kalata yabwino, ndipo ali ndi mnzawo ku Lilongwe amene amachita malipoti omwewa a misewu ndi migodi. Sindikufuna. Sindingathenso kuimirira pamaso pa azimayi ena, pamtsinje wina, n'kuwauza kuti ndikhulupirireni. Ndifunireni malo kumeneko, achimwene. Ntchito ya m'nyumba, ya m'sitolo, yolera ana, iliyonse. Alamu anandiuza kuti abwana awo amafuna munthu wodziwa Chingerezi. Ndikudziwa kuti simunagone m'thiraki m'maboda zaka zonse zija kuti mlongo wanu adzakolope nyumba za anthu, ndipo ndikulemba izi manyazi atandigwira. Koma pokolopa, madzulo munthu amaona kuti payera, ndipo palibe amene walira.

Za amayi musade nkhawa, ndalankhula kale ndi Amisa, mwana wa amalume, kuti angabwere kudzakhala nawo. Ndamuuza kuti mwina ndipita kukaphunzira. Amayi sakudziwa chilichonse cha zimene ndalemba muno, ndipo ndikupemphani kuti zikhale choncho mpaka ndidzapeze mawu owauzira ndekha.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndimawakumbuka m'mapemphero anga onse. Ana muwapsompsone, makamaka wamng'onoyo amene sindinamunyamulepo. Amayi akupereka moni wambiri. Akuti mundilangize ndisamalimbikire ntchito mopitirira, ndaonda, ukatswiri sudzathawa. Amalume ndi a m'nyumba mwawo akupereka moni. A Ignatius akuti ngati kumeneko kukufunika dalaivala wa manja abwino muwakumbukire, ananena moseka koma sankaseka.

Dzulo ndinapita ku Manase kukasiya mankhwala opaka pa zilonda. A Sellina analandira, sanandilowetse m'nyumba, tinaima pakhomo. Posowa chonena ndinawauza kuti ndikulemberani kalata. Anayang'ana kumbali, ndinayesa sanamve. Nditatembenuka kuti ndizipita anati, "Nasoro umupatse moni wanga. Umuuze kuti ndikumukumbuka, ankanditungira madzi ali mnyamata. Iye sanandilakwire."

Ndiye landirani moniwo, achimwene. Ndaupereka monga anaunenera.

Allah akusungeni m'misewu yonse imene mukuyenda.

Ndine mlongo wanu,
Halimatu